Dzina la gadiyani

Lolemba lapitali ndinachita chinthu chimene mayi anga, akanakhala moyo, akanandikoka nacho khutu ngakhale ndili ndi imvi. Ndinabweza chakudya cha munthu pakhomo.

Chakudyacho chinachokera kwa aneba anga kuno ku Area 25, banja la a Telala. Ndi anthu a ku Mangochi, Asilamu, ndipo takhala moyandikana zaka zisanu ndi zinayi. Mwamunayo amasoka zovala pakhonde la nyumba yake. Ine ndimawaitana kuti a Telala, iwo amandiitana kuti Aphunzitsi, basi moyo n'kumayenda.

Tsikulo akazi awo anafika masana, bakuli lili m'manja, atalikuta ndi kansalu koyera. Ndisanatsegule n'komwe chitseko, mphuno inali itandiuza kale kuti muli mpunga ndi nkhuku yachikuda.

"Odi, Aphunzitsi! Masiku awiri osakuonani pakhonde, tinangoti m'thupi simuli bwino. Kalaweni kameneka."

"Zikomo kwambiri, amayi. Koma lero sindidya."

Anandiyang'ana. "Kodi kumpingo kwanu nakonso kuli mwezi wosala kudya?"

"Ayi. Ndi m'mimba chabe."

"M'mimba mopanda kanthu ndiye muchira bwanji? Ingomwani msuzi wokha ndi kampunga pang'ono."

Ndinakanabe. Anabweza kansalu kaja pabakuli n'kunena motsitsa mawu kuti, "Kapena mumaopa zophika zathu." Sanadikire yankho. Ndinawaona akuzungulira mpanda, bakuli lija alipanira pachifuwa, ndipo ndinadziona ngati munthu wosaleredwa bwino.

Inu owerenga, mukudziwa kuti kwathu kuno kukana chakudya cha wodzakuzonda si nkhani yaing'ono. Ngakhale mutakhuta bwanji mumatsina pang'ono, n'kuthokoza. Nanga ine ndinalowedwa ndi chiyani?

Zoona zake n'zakuti mawa lake, Lachiwiri, ndinali ndi tsiku kuchipatala. Madokotala amafuna kundiunika m'matumbo. Iwo amatcha kuunikako kuti kolonosikope. Amatenga kapaipi kofewa, kokhala ndi kamera kunsonga, n'kukalowetsa kudzera kotulukira chimbudzi kuti aone mkati mwa matumbo aakulu. Kuti aone bwino, matumbowo ayenera kukhala oyera. Choncho tsiku loti mawa akuunikani simudya chilichonse cholimba. Mumangomwa madzi, tiyi wopanda mkaka, ndi mankhwala otsegula m'mimba amene amakupatsani.

Taonani, ndalemba zonsezi m'mizere yowerengeka chabe. Koma pakamwa panga, pamaso pa mayi amene anaphera nkhuku yake chifukwa cha ine, zinakana kutuluka. Zonse ndinazikulunga m'mawu amodzi aja timabisalamo tonse: m'mimba.

Mawu amenewa ndi thumba lalikulu. Chilichonse chochitika pakati pa nthiti ndi mawondo, Mmalawi amaponya momwemo. Wadya mango osapsa, m'mimba. Ali ndi pakati, m'mimba. Akutuluka magazi popita kuchimbudzi, m'mimba. Ndipo wofunsayo naye amakhutira, amangoti pepani, imwani madzi ambiri, poti nayenso safuna kumva zambiri.

Mkulu wanga anafera m'thumba limeneli. Kwa zaka ziwiri, kwathu ku Rumphi, ankangoti m'mimba. Tinamugulira mankhwala a njoka za m'mimba. Tinati ndi zilonda za m'mimba, asiye tsabola. Wina anabwera ndi mizu, wina ndi pemphero. Munthu ankangotha tikuona, lamba akumuboola mabowo atsopano ndi msomali. Pamene tinkafika naye kuchipatala chachikulu, dokotala anati ndi khansa ya m'matumbo, ndipo yafalikira kale. Mlamu wanga anadzandiuza pamaliro kuti mwamuna wake ankaona magazi kuchimbudzi kuyambira kalekale, koma anamulumbiritsa kuti asauze munthu.

Ndiye miyezi ingapo yapitayo nanenso ndinaona magazi. Ndinachita zimene aliyense amachita, ndinadzipatsa ndekha dzina la nthenda yopepuka. Ndinati ndi mudzi, kutupa kuja kwa kotulukira chimbudzi, kudzatha kokha. Ataonekanso kachitatu, nkhope ya mkulu wanga inandibwerera, ndipo ndinapita kuchipatala. Dokotala atamva msinkhu wanga ndi za mkulu wangayo, sanazungulire. Anati mwina ndi mudzidi, koma iye sangalosere ali kunja, afunika aone mkati. Anandifotokozera kuti m'matumbo mumatha kumera tinyama ting'onoting'ono tosapweteka, timene timakhala phee zaka zambiri, ndipo tina mwa ito ndi timene timadzasanduka khansa. Akatipeza msanga amatidula pompo pounikapo.

Kapaipi kaja sindinakaope kwenikweni. Chimene chinandigwetsa ulesi ndi pepala limene namwino anandipatsa. Pansi pake panali mzere wakuti: Dzina la gadiyani.

"Musadzabwere nokha, bambo," anatero namwinoyo. "Timakubayani jakisoni wogonetsa. Mukadzuka mutu umakhala wozungulira, simungakwere minibasi nokha. Popanda gadiyani sitiunika."

Gadiyani. Tonse timawadziwa anthu amenewa, amene amagona pansi pa bedi la wodwala, kumuphikira, kumuchapira, kumugwira dzanja popita kubafa. Ndakhalapo gadiyani kawiri, wa mkulu wanga ndi wa mkazi wanga, amene anatisiya zaka zinayi zapitazo. Koma sindinaganizepo kuti tsiku lina mzere umenewu udzandiyang'ana ineyo, wopanda dzina.

Ndinakhala pampando kunyumba, pepala pamwendo, foni m'manja. Mufoni mwanga muli manambala oposa mazana anayi. Ndinawayenda onse kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Mwana wanga wamkazi ali ku Joni. Wamwamuna ali ku Karonga, ntchito yake njosapempheka tchuthi mwachisawawa. Amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo n'zoona, koma fupa lili ku Joni silingakugwire mkono potsika minibasi. Komanso ndinkadziuza kuti ndisawadetse nkhawa ana ndi chinthu chosadziwika.

Anzanga akumpingo alipo, khamu. Ndine mkulu wa mpingo, ndimakhala kutsogolo. Koma ndikanamuyamba bwanji mkulu mnzanga? Akanafunsa kuti akuunikani pati, nanga kamerayo ilowera kuti. Ndipo ndimawadziwa anthu anga, ndi achikondi chothamanga. Pofika Lamulungu dzina langa likanamveka pazolengeza, amayi akuguguda pamtima, ena atayamba kale kufunsana ngati ndidzaikidwe konkuno kapena ku Rumphi.

Ndili m'gulu la pafoni la anthu akwathu okhala mu Lilongwe muno. Gulu limenelo likamva za maliro limadzuka ngati njuchi. Pasanathe ola, wa galimoto wapezeka, wa tenti wapezeka, oyimba asonkhana. Koma sindinaonepo munthu atalembamo kuti, abale, Lachiwiri ndikufuna wondiperekeza kuchipatala. Ndinayamba kulemba uthenga wotero, n'kuufufuta. Ndinalembanso, n'kufufutanso.

Kodi si zodabwitsa? Ndikudziwa anthu amene adzanyamule bokosi langa, ndikhoza kuwatchula mayina. Koma wondinyamulira kachikwama ka zovala kwa theka la tsiku ndili moyo, ndinamusowa. Ndinasungulumwa kuposa mmene ndinasungulumwira tsiku limene anthu anabalalika pamaliro a mkazi wanga.

Tsiku loyamba limene anandipatsa, mwezi watha, sindinapite. Nditabwerera kukapempha lina, namwino uja anafunsa chifukwa chake. Ndinanena bodza limene limatsegula zitseko zonse m'dziko muno. Ndinati ndinali kumaliro.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Pepani ndi maliro. Koma bambo, ounika ndi ochepa, odikira ndi ambiri. Tsiku ili ndakupatsani chifukwa wina wasintha. Mukaliphonyanso, mukayambira kumchira kwa mzere. Paja munati akulu anu anafika mochedwa? Inu mwafika nthawi yabwino, musadzichedwetse nokha."

Ndiye Lolemba lija, pamene ndinkabweza bakuli la aneba, mzere wa gadiyani unali udakali wopanda dzina. Nzeru imene ndinali nayo inali yochititsa manyazi. Ndinaganiza zokagwira wakabaza aliyense pageti la chipatala kuti akayerekeze kukhala mphwanga. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, wophunzitsa ana a anthu kunena zoona, kukabwereka m'bale pamsewu.

Cha m'ma 2 koloko ndinayamba kumwa mankhwala aja. Sindikunamizani, sakoma. Ali ngati madzi amchere amene wina anayesa kuwapepesa ndi shuga. Ndipo ntchito yake amaigwira mosanyengerera. Tsoka ilo, madzi anali atasiya kumpopi kuyambira m'mawa, choncho chimbudzi cha m'nyumba sichikanathandiza. Ndinayenera kuthamangira chakunja, chimene chili kuseri, pafupi ndi mpanda wa a Telala.

Mpandawo ndi wa njerwa, wofika m'chifuwa. Munthu wokhala pakhonde lawo amaona mutu wa aliyense wodutsa. Ndinadutsa koyamba mwaulemu, ngati ndikukayendera ndiwo zakudimba. Kachiwiri ndinafulumirako. Pofika kachisanu ulemu unali utatha, ndinkathamanga patapata m'modzi.

Ndikutuluka ulendo wina, ndinamva makina osokera aima. A Telala anali atatsamira mpanda, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Aphunzitsi, ndawerenga kasanu ndi kawiri. Imeneyo ndi kolera. Valani, tiyeni kuchipatala pompano."

"Si kolera, a Telala."

"Nanga n'chiyani? Chakudya mwabweza, mayi akulira m'nyumbamu kuti mumatinyansidwa. Pano mukuthamanga ngati mwaba. Tikhale tikungoonerera?"

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsikulo mwambiwu unandikwana mbali zonse ziwiri. Chitseko cha chimbudzi ndinali nditachitsekula kokwanira, chotsala chinali chinacho. Ndinagwira mpanda, maso ndinalozetsa pansi, n'kuwauza zonse. Za magazi, za mkulu wanga, za kapaipi ndi kumene kamalowera, za tsiku limene ndinathawa, mpaka za mzere wopanda dzina.

Ndinkadikira kuti aseka, kapena ayang'ana kumbali. Iwo anangofunsa kuti, "Nthawi yanji?"

"Ati ndifike 7 koloko m'mawa."

"Ndiye tinyamuke isanakwane 6, minibasi zisanadzaze." Kenako anapukusa mutu. "Koma Aphunzitsi, zonsezi manyazi? Ine bambo anga ndinawadikirira miyezi iwiri kuchipatala, ndikuwasambitsa, ndikuwatawitsa. Thupi ndi thupi. Ndiponso inu mungandibisire chiyani ine? Mathalauza anu ndawabweza m'chiuno kawiri chaka chino. Mumayesa tepi imanama?"

Ine ndinkadziuza kuti kuondako n'chifukwa cha kudya ndekha, poti chakudya cha munthu mmodzi sichilowa. Mwina n'zoona. Koma pa anthu mazana anayi a mufoni mwanga, amene anaona kuti ndikutha anali munthu amene sindinamuganizire n'komwe pamene ndinkayenda mayina aja.

Lachiwiri m'mawa anatseka makina awo, chonsecho ino ndi nyengo ya mayunifolomu, ntchito ili mulu. Tinakwera minibasi, iwo atanyamula kachikwama kanga. Miyendo yanga inali yofooka ndi njala, ndipo potsika anandigwira mkono osandifunsa.

Namwino uja atationa anamwetulira. "Lero kulibe maliro?" Anatenga pepala ndi cholembera. "Dzina la gadiyani?"

Ndinatsegula pakamwa. "A Tela..."

Ndinaima pomwepo. Abale anga, zaka zisanu ndi zinayi! Munthu ameneyu anasoka yunifolomu ya mwana wanga, anasoka nsalu za mawindo anga, anakhala nawo pamaliro a mkazi wanga usana wonse ngakhale nyimbo zathu sazidziwa. Mufoni mwanga ndinangomulemba kuti Telala. Dzina lake sindinkalidziwa. Ndinamva nkhope ikutentha kuposa mmene inatenthera pofotokoza za kapaipi.

Iwo sanaonetse kukhumudwa. "Lembani Amidu Jafali," anatero.

"Ndi ndani wanu?" namwino anafunsa, akuyang'ana ine.

A Jafali anaseka. "Lembani kuti mpanda umodzi."

Namwinoyo anaseka nawo, n'kulemba kuti mnansi. Mawu amenewa ndawatchula paguwa kosawerengeka, ndikuphunzitsa anthu mmene angakhalire ndi anansi awo. Sindinkadziwa kuti wanga dzina lake ndi Amidu.

Za kuunikako ndilibe zambiri zoti ndikuuzeni, ndipo mwina imeneyo ndiye nkhani yabwino. Anandiveka mkanjo wotseguka kumbuyo, n'kundigoneka chammbali, mawondo atapindidwa. Anandibaya jakisoni pamkono. Ndikukumbuka dokotala akundifunsa kuti ndimaphunzitsa phunziro lanji. Sindikudziwa ngati ndinayankha. Pamene ndinkatsegula maso, zonse zinali zitatha, m'mimba mukungomveka mpweya. Chinthu chimene ndinachithawa mwezi wathunthu chinali chopepuka kuposa kuzula dzino.

Dokotala anabwera ndi chithunzi. Mudzi ulipodi, anatero, ndipo mwina ndiwo unkatulutsa magazi. Koma chapamwamba anapezanso kanyama kamodzi, kakakulu ngati nzama. Anakadula, ndipo akatumiza kuti akakayeze. Zotsatira zidzatuluka pakapita milungu ingapo. Anati tambiri totere timapezeka tisanasanduke khansa, koma sangandilonjeze asanaone zotsatirazo. Anawonjezera kuti ana anga ayenera kudziwa, chifukwa nthenda imeneyi nthawi zina imayenda m'magazi a banja, ndipo iwonso adzafunika kuunikidwa nthawi yawo ikakwana.

Apo ndiye ndinazindikira kuti chinsinsi changa sichinali changa ndekha. Ndinkati ndikuteteza ana ku nkhawa, chonsecho ndinkawabisira chinthu chimene chingadzawapulumutse. Mkulu wanga anachita chimodzimodzi kwa ine.

Potuluka ndinapeza a Jafali ali pabenchi pomwe ndinawasiya, kachikwama kanga kali pamwendo. Pafupi nawo panali bambo wina wovala suti yabwino, makiyi a galimoto ali m'manja, akukambirana ndi namwino. Anali atabwera yekha. Anali atasala kudya, mankhwala aja atamwa, usana wonse wa dzulo lake atathamanga ngati ine. Namwino ankamuuza mwaulemu kuti aimbire wina aliyense abwere, amudikira. Bamboyo anayang'ana foni yake, chala chikuyenda pamayina, kutsika, kukweranso. Ndinkachidziwa chala chimenecho. Pamene tinkachoka anali asanaimbe.

Bambo ameneyo wakhala m'maganizo mwanga sabata yonseyi. Tawuni ino yadzaza anthu otero. Tinachoka kumidzi kwathu, ana athu nawonso anachoka kwa ife, ndipo tatsala m'nyumba za mipanda, tikupatsana moni wa pamwamba pa njerwa. Timadziwana ndi ntchito: a Telala, Aphunzitsi, a Pulambala, amayi a mandasi. Pamaliro timakhamukira, palibe wotiposa. Koma pakati pa moni ndi maliro pali mtunda wautali, ndipo ambiri timauyenda tokha. Kali kokha n'kanyama, timatero, koma timaunena mwambiwu kwa ena, ife tikutseka geti.

Kuunika kotere sikupezeka pachipatala chilichonse, ndipo ambiri amene akukufuna sakufikira. Imeneyo ndi nkhani yofunika kuikalipira. Koma n'zowawa kwambiri kuti ena amene mwayi wawapeza amautaya okha, chifukwa cha manyazi otchula chiwalo chimene aliyense ali nacho, kapena chifukwa chosowa munthu mmodzi wokhala pabenchi. Ngati mukuona magazi kuchimbudzi, ngati kapitidwe kanu kuchimbudzi kasintha kwa milungu osabwerera, ngati mukuonda osadziwa chifukwa, kapena m'bale wanu anadwalapo khansa ya m'matumbo, tulukani m'thumba la m'mimba lija. Kauzeni dokotala zinthu ndi mayina ake.

Titafika kunyumba, a Jafali anandikhazika pampando n'kupita kukatsegula makina awo. Posakhalitsa ndinamva odi. Anali akazi awo, bakuli lomwe lija lili m'manja. Ulendo uno munali phala la mpunga.

"Lero mubwezanso?" anafunsa, nkhope ili yolimba koma maso akuseka.

"Amayi, ndikhululukireni za dzulo."

"Bambo andiuza zonse. Mukanangonena, Aphunzitsi. Nkhuku ija ikanadikira."

Ndinadya phala lonse, mpaka kukombeza. Nditatha ndinaimbira mwana wanga wa ku Joni. Analira, n'kundikalipira kuti, "Adada, mpaka kuuza aneba ife osadziwa?" Ndinamusiya akalipe, poti amanena zoona.

Sindikunamizani kuti tsopano zonse zili bwino. Nyumba ino idakali ya munthu mmodzi, kapu imodzi pathebulo, ndipo zotsatira zija sizinabwere. Ndikuopa. Nthawi zina ndikakhala pakhonde ndimawerenga masiku, n'kumaganiza za kanyama kangati nzama kamene kali m'botolo kwinakwake, dzina langa litamatidwa pamwamba. Koma ndikamva makina akulira kuseri kwa mpanda, mtima umatsikako.

Pondipatsa tsiku lokamva zotsatira, namwino anati ndi bwino ndidzabwerenso ndi munthu, nkhani zotere sazimva wekha. Papepala latsopanolo palinso mzere uja. Ndaudzaza kale, ndi dzanja langa, mayina onse awiri.

Nanga inu, atakupatsani pepala limenelo lero, mungalembepo ndani? Ndipo munthu amene angatseke ntchito yake kuti akakhale pabenchi chifukwa cha inu, dzina lake mukulidziwa?